Manja a Kabatani

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno. Muli bwanji kumeneko, inu pamodzi ndi alamu athu amene tikuwayembekezerawo? Chifuwa chija munkadandaula nacho chinasiya? Nanga kuntchito akupatsani tchuthi cha ukwati, kapena akukuzunguzanibe?

Ine ndili bwino. Ana ndinawasiya ndi bambo awo, akuti akudya ndipo kusukulu akupita. Amayi alipo, kungoti mawondo aja akuwavutabe. Mlongo wanu wamng'ono, Kabatani, ali moyo. Ndalemba chimenechi poyambirira chifukwa m'mawu aja munanditumizira pafoni simunafunse za iye.

Mudabwa kuti masiku ano munthu n'kukhala pansi kulemba kalata. Ndayesa kukuimbirani, koma mumandidula ndisanafike ndi pakati pomwe. Ndiye ndaona kuti bola pepala. Ndikamaliza ndilijambula tsamba ndi tsamba n'kukutumizirani, kuti musadzanene kuti kalata inachedwa panjira.

Mawu anu aja ndawamvetsera mobwerezabwereza ndili pabenchi la kuchipatala. Mwati ndine wapakamwa. Mwati ndaonongetsa diresi la ukwati la alamu, ndiponso ndavula banja lonse pagulu ukwati uli pakhomo. Zapakamwazo sindikana, munandidziwa ndili wamng'ono. Zinazo ndiye tikambirane, poti inu nkhaniyi mwaimvera kwa Amayi okha, ndipo Amayi akamafotokoza amayambira pa diresi n'kukathera pa diresi pomwepo.

Amayi anandiimbira kuti ndibwere ndidzathandize kusoka madiresi a operekeza mkwatibwi, akuti ntchito yawachulukira chifukwa Kabatani wanyanyala. Ndinaseka. Ndinati Kabatani wake uti, yemwe uja amapepesa ngakhale mwamuponda ndinu? Amvekere bwera udzadzionere wekha, sakudya, sakuyankhula, nsanje ya ukwati wa achimwene ake. Ndinapempha masiku kuntchito n'kukwera basi.

Ndisanafike pa zimene ndinapeza, ndikukumbutseni mmene tinakulira m'shopu muja, poti mwakhalitsa kutali mwina mwaiwala. Malemu Bambo pa makina a pawindo, Amayi pa tebulo lodulira, mapini ali ndandanda pamilomo. Mwana aliyense wodutsa pafupi ankagwidwa mkono n'kuimikidwa pa kampando kaja kuti amuyezerepo chovala cha eni ake. Inu munavalapo mayunifomu a sukulu zonse za m'tauni muno. Ine ndinkakwapulidwa m'miyendo ndi tepi yoyezera chifukwa chosakhazikika. Kabatani yekha ndiye ankaima mpaka miyendo kuchita dzanzi, osadandaula, ndipo Amayi ankauza makasitomala kuti mwana ndi ameneyu, enawa ndi anyani. M'nyumba mwathu mwana wabwino anali wosagwedezeka.

Ndinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Wailesi ikulira, Amayi atagwada pansi akupinda mpendero. Pa kampando kaja panali diresi loyera, lokongola ndithu, manja ake a lesi atatambasuka uku ndi uku, kumutu kuli velo. Ndinaika chikwama pansi n'kunena kuti eee, Amayi, zakuyenderanitu, mwagula chidole chatsopano chokhala ndi manja? Paja mukukumbuka kuti chakale chija chilibe manja, ndi chifuwa chokha chozikidwa pa chitsulo.

Amayi anapitiriza kupinda, pakamwa pali mapini. Ndinayandikira kuti ndione lesiyo. M'pamene ndinaona zala. Zala zokhala ndi zikhadabo, cholozera chili ndi timabala ta singano.

Ndinavundukula velo. Achimwene, maso ali tong'o, osaphethira, akuyang'ana khoma. Milomo itang'ambika, m'mbali mwake mutayera. Ntchentche inatera patsaya n'kuyenda mpaka pafupi ndi diso, iye osaigwedezera ngakhale nsidze. Ndinamuitana, ndinamuitananso, ndinamugwira nkhope ndi manja awiri. Thupi linali moto.

Ndinakuwa. Amayi analavulira mapini m'dzanja n'kundiuza kuti ndisamugwedeze, atsala ndi dzanja limodzi la diresi kuti amalize. Akuti kudya wakana, kusoka wakana, kuyankhula wakana, ndiye bola aime poti chokhacho sakukana. Akuti miyezo ya alamu imene munatumiza ikufanana ndendende ndi thupi la Kabatani, ndipo manja a lesi sungawasoke bwino popanda mkono wa munthu mkati. Akuti ukamugwira dzanja amatsatira, ukamukweza mkono umakhala pomwe wausiyapo, kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ananena izi monyadira, achimwene. Amvekere sanaimepo bwino chonchi chibadwire.

Ndinafunsa kuti zayamba liti. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Kuyambira kumayambiriro kwa chaka Kabatani anayamba kuchepa mawu, tulo osagona, chakudya n'kumangolawa. Ankasoka msoko wowongoka bwinobwino n'kuumasulanso, akuti wakhota, akuti iye palibe chimene amatha. Kenako tsiku lina m'mawa anangoima pakati pa msoko, phazi lili pa chopondera, dzanja lili pansalu, basi. Sabata inali itadutsa kale pamene ine ndinkafika. Madzi ankamwa a pasupuni, nthawi imene Amayi akwanitsa kumukanula mano.

Ndinati nanga kuchipatala? Amvekere achimwene ako anati ayi.

Ndinagwada n'kukweza diresi lija. Mapazi anali atatupa mpaka zala kusowa mpata. Nsalu yamkati inali yonyowa, kampando nakonso konyowa. Kukhwapa ndinapeza pini italowa m'nsalu n'kupitirira mpaka m'mnofu, magazi atauma mozungulira. Amayi anati akadamva kuwawa akadanena.

Ndinafuna kumuvula. Zipi anali asanaike, kumsana anali atasoka ndi ulusi wongogwirizira kuchokera m'chiuno mpaka pakhosi. Ndikati ndipinde mkono mwachangu kuti ndiutulutse, unkauma gwa, kulimbana nane. Ndinati ndipatseni sizasi. Amayi anatenga sizasi patebulo, n'kuiika pampando, n'kuikhalira. Mayi wathu wotibereka, achimwene, kukhalira sizasi! Akuti lesi imeneyi inachokera kutali, ina sipezeka.

Ndinatuluka n'kukaitana abambo a matayala aja a shopu yoyandikana nafe. Atalowa n'kuona, anavula chipewa. Tinazindikira kuti mikono ukamaitsitsa mwapang'onopang'ono imalola, ndiye tinaitsitsa, n'kumunyamula chonchobe ndi diresi lake, n'kumugoneka pa matiresi kumbuyo kwa pikapu yawo. Ine ndinakhala pambali ndikumutchingira dzuwa ndi velo.

Kanema uja akuzungulira m'mafoni, amene wakupsetsani mtima, anajambulidwa pamenepo. Pa mphambano ya pamsika magalimoto anayamba kuliza mahutala. Azimayi ogulitsa m'mbali mwa msewu n'kumatikweza manja, ena n'kumaimba mluzu, wina n'kumathamanga pambali foni ili m'mwamba. Ankayesa mkwatibwi. Ngakhale mlonda wa pageti la chipatala anatifunira mafuno abwino asanasuzumire bwinobwino. Mwati ndinachita dala kuti ndikuyalutseni. Ndikadapatsidwa sizasi bwenzi atapita atafunda nsalu ngati wodwala wina aliyense.

Anamwino a kolandirira odwala mwadzidzidzi sanafunse kuti lesi inachokera kuti. Anamugwira pamphumi, anamutsina khungu la padzanja likungokhala chotsinika, n'kutulutsa sizasi yawo yokhota ija. Anayambira kumpendero, kwee, mpaka pakhosi. Manja onse awiri anawang'amba motalika. Inde, ndinalipo, ndipo sindinawaletse. Ndinawagwirira nsalu kuti idulike bwino. Mapini amene anazula m'thupi mwake anawaika m'kambale kachitsulo, ine ndinayang'ana kumbali.

Anamuika diripi, anamutenga magazi. Kenako kunabwera adokotala achizimayi, a mawu otsika, osapupuluma. Anamulonjera Kabatani, n'kumuuza kuti iwo ndi ndani ndi chilichonse chimene akufuna kuchita asanamugwire. Ine mumtima ndinati akutaya nthawi awa, akuyankhula ndi ndani? Anamukweza mkono n'kuusiya, mkono unakhala m'mwamba. Anasolola pilo, mutu unatsala m'malere osagwera pabedi. Anandifunsa mafunso ambiri. Ena ndinayankha, ena ndinangoyang'ana pansi, makamaka lakuti wakhala akuimirira nthawi yaitali bwanji.

Tsopano mvetserani, poti inu ndi amene munapita patali ndi sukulu. Matendawa ali ndi dzina, akuti katatoniya. Si kunyanyala, si nsanje, si mwano, si ziwanda. Mmene anandifotokozera, mu ubongo muli mbali imene imayambitsa ndi kuimitsa kuyenda kwa thupi, ndipo mbali imeneyo ikasokonezeka munthu amatha kufuna kudzuka thupi osamumvera. Ena amauma ngati Kabatani. Ena amangoyendayenda kapena kuchita chinthu chimodzimodzi popanda cholinga, ena amabwereza mawu amene wawauza. Zoti mkono umakhala pomwe wausiya, zimene Amayi ankanyadira zija, ndi chizindikiro chimodzi cha matendawa. Zoti amauma ukamukakamiza, zimene Amayi ankati ndi makani, ndi chizindikiro chinanso.

Akuti nthawi zambiri sayamba paokha, pamakhala vuto lina pansi pake. Kwa ena ndi matenda a maganizo, kwa ena ndi matenda a m'thupi monga kutupa kwa ubongo, kapena mankhwala ena amene munthu wamwa. N'chifukwa chake anamuyeza zambirimbiri. Kwa Kabatani akuona kuti gwero ndi kukhumudwa kwakukulu kuja kunayamba kumayambiriro kwa chaka, kumene nakonso ndi matenda ndithu, okhala ndi mankhwala ake.

Ndinafunsa ngati amapha. Adokotala sanapsatire. Akuti amapha, ndipo amapha mwakachetechete. Munthu amatha madzi m'thupi impso n'kufooka. Magazi amaundana m'miyendo chifukwa chosayenda, oundanawo n'kukatseka m'mapapo. Chakudya chomukakamiza chimalowera kolakwika n'kuyambitsa chibayo. Ndipo thupi likayamba kutentha ngati mmene linkatenthera la Kabatani, ndiye kuti zafika poopsa. Zinazi ndinaziona ndekha, kuti tikadadikira ukwati wanu udutse, bwenzi anthu amene mwaitanawo atabwera kudzakhuza maliro.

Kenako anati ayesa jakisoni wina. Akuti ndi mankhwala amene anthu ena amagona nawo, koma munthu wa katatoniya nthawi zambiri amamumasula. Ndinati adokotala, munthu ali kale ngati wagona, mukufuna mumugonetsenso? Anamwetulira n'kuti tikhale tione.

Tinakhala. Posakhalitsa zikope zinaphethira. Mutu uja unatsika pang'onopang'ono mpaka kukhudza pilo. Zala zinayamba kufufuza pa nsalu ya pabedi. Misozi inatsika mbali zonse ziwiri mpaka m'makutu. Kenako milomo inagwedezeka, ndinawerama, ndipo ndinamva timawu tosasa, akuti achemwali, madzi. Ndinalira mokweza mpaka anamwino ananditulutsira m'khonde. Abambo a matayala aja, amene anali akudikirabe pabenchi, ankayesa kuti wamwalira.

Amayi anafika madzulo ake. Ndisawanamizire, ataona diripi ndi mapazi aja anakhala pansi n'kumasisita phazi limodzi ndi chala chachikulu. Ndinati mwina ayamba kuona. Koma potuluka anapita kwa anamwino kukafunsa kumene aika diresi, ndipo analitenga m'jumbo, zidutswa zake zonse. Ndamva kuti alitambasula pa tebulo lodulira, akufufuza mmene angalilumikizire msoko osaoneka.

Musaganize kuti jakisoni mmodziyo anamaliza zonse. Mankhwala atatha mphamvu anaumanso, anamubayanso, anamasukanso. Adokotala anati ndi mmene zimayendera, thupi limabwerera pang'onopang'ono. Pano akumwa mapiritsi kangapo patsiku, ndi ena a kukhumudwa kuja. Akudya yekha, akupita kubafa atagwira khoma. Mwendo umodzi anaupeza ndi magazi oundana ndithu, ukulandira mankhwala akeake. Akuti mapiritsi akadakanika pali chithandizo china cha magetsi chimene amachita munthu atamugonetsa, koma pakadali pano sichikufunika.

Tsopano ndikuuzeni chimene chandilembetsa kalatayi. Adokotala aja sankataya nthawi pomulonjera. Akuti si onse amakumbukira, koma ambiri amamva zimene zikuchitika. Kabatani ankamva.

Anandifotokozera tili awiri, ine ndikumupesa tsitsi. Akuti mkati munali mantha okhaokha, ngati akangosuntha chala chinachake choopsa chichitika. Akuti ankakuwa, ankayesa kuti mawu akutuluka, n'kumadabwa kuti bwanji Amayi sakutembenuka. Mapini ankawamva, pini iliyonse payokha. Ludzu ankalimva. Ankamva makasitomala akufunsa kuti mwanayu watani, Amayi n'kumati musiyeni ndi matama. Anamvanso pamene anadzinyowetsera, manyazi ake akuti sangathe kuwafotokoza.

Ndipo anakumvani inu. Paja Amayi foni amaiika pa tebulo lodulira n'kutsegula sipika kuti manja apitirize ntchito. Kabatani anali pa kampando, pafupi pomwepo. Anandibwerezera mawu anu, mpaka mmene munkakhosomolera pakati. Munati musiyeni, njala ikamuluma adya yekha. Munati za kuchipatala ndisazimve, akangomulemba kuti ndi wamisala akuchikazi amva, ndipo anthu aja ndi osamala za mtundu. Munati ngati n'kudwala adzadwale ukwati ukatha. Kenako munafunsa ngati manja a diresi akhala bwino.

Sananene mokwiya. Ndikadakonda akadakwiya, atukwane, aswe kapu. Ananena ngati mmene amatchulira miyezo ya kasitomala, kenako n'kundipempha kuti ndimumange tsitsi mosakoka kwambiri.

Ine ndiye ndakwiya, achimwene, ndipo sindibisa. Ndakwiyira Amayi, koma Amayi ndimawamvetsako pang'ono. Moyo wawo wonse akhala akuyang'ana anthu kuti aone pamene nsalu yakhwinyata, ndipo chimwalirireni Bambo sachita kanthu osafunsa inu. Inuyo ndi amene mumayenda ndi foni yodziwa zonse m'thumba. Mukadangofunsa aliyense kuntchito kwanuko kuti munthu akasiya kudya ndi kuyankhula sabata yathunthu timatani, akadakuuzani. Simunafunse chifukwa yankho lake munkalidziwa, ndipo silinkagwirizana ndi tsiku lanu.

Dzulo Amayi anabwera kuwodi ndi chikwama cha zovala za Kabatani. Ndinayamba kukondwa, ndimati mtima wawo wafewa. Ayi ndithu. Akuti mwalamula kuti Loweruka lino atuluke, akuchikazi asanafike m'tauni muno, akakhale kwa Azakhali mpaka zonse zitadutsa. Anthu akafunsa tiziti anapita kukathandiza Azakhali ntchito, ndipo kanema uja anali sewero lotsatsira malonda a shopu. Mapiritsi akuti asatenge, chifukwa Azakhali akawaona nkhani ifala, komanso munthu wachira kale, akuyenda, akudya, chatsala ndi mapemphero.

Ndinathamangira kwa adokotala. Anabwera n'kukhala pabedi n'kuwafotokozera Amayi mwaulemu. Akuti mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono dokotala akuona. Ukawadula kamodzi matendawa amatha kubwerera mwamphamvu kuposa poyamba, mwinanso munthu n'kugwa thupi likugwedezeka. Mwendo uja nawonso ukufuna kuyang'aniridwa. Inu mukukudziwa kwa Azakhali. Galimoto imafikako pamene yafuna, ndipo chipatala chili kutali. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuyankha kuti zonsezo amva, koma mwana wawo wamwamuna wanena kale.

Ndinati chabwino, adokotala, mukanizeni kutuluka basi. Adokotala anakana. Akuti Kabatani ndi munthu wamkulu, pano akuyankhula ndipo akumva zimene akuuzidwa, ndiye wogamula ndi iye mwini, osati Amayi, osati ine. Iwo angathe kumulangiza ndi kumuchonderera, koma kumumanga n'kovuta. Anatembenukira kwa iye n'kumufunsa kuti inuyo eni ake mukufuna chiyani.

Kabatani anayang'ana Amayi, anayang'ana chikwama chija. Anati apita kwa Azakhali.

Amayi atachoka ndinamukalipira, wodwala yemweyo. Ndinati wamva zimene anena adokotala? Akuti wamva. Ndinati ukufuna ubwererenso mkati muja, mmene unkakuwa wopanda wokumva? Akuti ayi, akuopa kwambiri, akangoganiza mtima umathamanga. Ndinati nanga bwanji? Akuti waononga kale zambiri. Akuti achimwene adikira nthawi yaitali kuti apeze munthu, asamutaye chifukwa cha iye. Adokotala akuti maganizo odziona wolakwa pa chilichonsewa ndi matenda omwewo, sanathe. Ine ndikuti matendawo apeza owathandiza m'banja mwathu.

Ndayesa zonse. Ndamunyengerera, ndamuopseza, ndamuuza kuti akadzatuluka bwinobwino ndidzamutengera kwathu akakhale ndi ana. Sakundimva, chifukwa ine ndine wapakamwa uja, ndimayankhula tsiku lililonse. Mawu amene amalemera kwa iye ndi anu. Ndinu munkamunyamula pakhosi popita kusukulu. Ndinu munamupatsa dzina la Kabatani tsiku lija anameza batani la jekete ya kasitomala, tonse n'kumadikira kuti lituluke, Bambo akuseka mpaka misozi.

Ndiye ndikukupemphani, ine amene sindinakupempheni kanthu chikwatiwireni. Musaimbire Amayi, musaimbire ine. Muimbireni iyeyo. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti akhale m'chipatala mpaka adokotala atamutulutsa okha, kuti amwe mankhwala ake, kuti sanalakwe. Sindikuti mulire kapena mupepese, zimenezo mudzaona nokha. Mungomuuza kuti akhale.

Alamu auzeni zoona. Ndi munthu wamkulu, ndipo kanemayo ngati sanamuone amuona. Ngati angakusiyeni chifukwa mlongo wanu anadwala matenda ochizika, bola mudziwiretu pano kusiyana n'kudzadziwa tsiku limene mudzagone pabedi inu. Mwinanso mukungowanamizira, mwina ndi munthu wa mtima wabwino kuposa ife tonse. Diresi lina lipezeka, m'masitolo adzaza. Kukafunika kusoka ndikhala pa makina ine ndemwe.

M'mawa uno ndamuuza Kabatani kuti ndikukulemberani. Anandigwira dzanja n'kundilonjezetsa kuti ndiikemo mawu ake, osachotsa, osawonjezera. Ndinalonjeza ndisanawamve, ndiye nawa. Akuti ndikupatseni moni. Akuti akukufunirani ukwati wabwino. Akuti mumukhululukire chifukwa chodwala nthawi yolakwika.

Ndalemba poti ndinalonjeza.

Ndikangotumiza masambawa, foni yanga ndimusiyira iye, ndaidzaza moto. Ine ndikakhala panja pabenchi kuti muyankhulane momasuka. Amayi akuti abwera ndi galimoto Loweruka m'mawa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti tikuwadikira ndi manja awiri. Moni kwa anzanu a kunyumba kuja ndi onse otidziwa kumeneko. Abambo a matayala akuti moni, amabwera kudzazonda akatseka shopu. Mulungu akusungeni, akupatseni ukwati wamtendere, ndikunena ndi mtima wonse ngakhale uli wowawa. Akupatseninso ana, ndipo ana anuwo asadzadwale nthawi yolakwika.

Ndine mlongo wanu,
mkulu wake wa Kabatani.